Tsiku limene ndinaponyera nkhwazi foni ya amayi

Anzanga, nkhani iyi mukaimva museka, ndipo sekani ndithu, nanenso ndimaseka, koma ndikasekaseka ndimangozindikira ndikupukuta m'maso.

Bambo anga ankagwira ntchito pa loji ina kuno ku Chintheche mpaka tsiku limene anadwala. Ankatenga alendo ojambula mbalame, aja a makamera aatali ngati musi, n'kupita nawo pa boti kuseri kwa miyala ya cha ku Makuzi kumene kuli nkhwazi ziwiri pamtengo wa mkuyu. Akafika ankaimba likhweru atakweza nsomba m'mwamba, nkhwazi n'kuyankha, iwo n'kuponya nsomba ija pamadzi atailowetsa kabango kukamwa kuti isamire. Nkhwazi inkatsika n'kuitola ndi zikhadabo, makamera ali tcha tcha tcha, alendo kukondwa. Koma mbalame zimenezo zinkadziwa likhweru la munthu mmodzi yekha basi.

Pamene bambo ankamwalira ine ndinali ku Joni, ndipo ndinafika dothi la pamanda litauma kale. Amayi anga, a Nyalongwe, ndinawapeza ataonda, chinthu chokha chowadzutsa m'mawa chili kafoni kawo ka mabatani. Mlongo wanga anali atajambuliramo mawu a bambo tsiku lina ali pa boti: likhweru lija, kenako kuseka kwawo, kenako n'kunena kuti, "Nyalongwe, wamva? Zibwenzi zanga zikundiyankha!" M'mawa uliwonse amayi ankakhala pakhonde kafoni kali pakhutu, n'kumayankha kuti, "Chokani apa, nkhalamba inu." Mawu a bambo padziko lino anatsala m'menemo mokha, kwina kulikonse kunalibe.

Ndiye a kuloji anamva kuti mwana wa malemu wabwera, n'kutuma munthu kudzafunsa ngati ndingayese ntchito ya bambo, poti kunali alendo awiri, mzungu wachikulire ndi mkazi wake, amene anabwerera nkhwazi zomwezo. Ine n'kuvomera msangamsanga, pachifuwa gu gu, ati magazi ndi omwewo. Munthu kuiwala kuti mano awiri akutsogolo ndinawasiya pamsewu ku Joni nditagwa pa njinga, ndipo ndikati ndiimbe likhweru pamangotuluka mphepo ndi malovu!

Apa m'pamene nzeru zanga za ku Joni zinayamba kugwira ntchito. Ndinapita kwa amayi.

"Ama, mundibwerekeko foni lero lokha."

Anandifunsa ngati kuti kafoniko ndi bambo anga enieniwo: "Ukufuna kupita nawo kuti ada ako?"

"Kuntchito kwawo, ama. Masana omwe ano tibwerako."

Anakakulunga m'kampango, n'kundiika m'manja ndi manja awo onse awiri. "Ubwere nawo," anatero.

Mukudziwa inu kuti Mtonga sapita kuntchito atavala ngati akupita kokazula chinangwa. Ndinavala suti yanga ya ku Joni, tayi, nsapato zosongoka. Woyendetsa boti anali Che Jafali, bambo wa ku Mangochi amene anayenda ndi bambo anga zaka zambiri, ndipo atandiona anagwira pakamwa.

"Achimwene, kunyanjaku kuli ukwati?"

Ndinaponda m'boti mwaulemu wanga wonse, nsapato n'kutereka, n'kukhala pansi m'madzi a utaka umene tinatenga wa nkhwazi. Alendo anayang'ana kumbali ngati sanaone, anthu aulemu.

Titafika pamkuyu paja nkhwazi zinalipo zonse ziwiri, mitu mbee. Ndinati ndiyambe ndayesa ndekha, mwina magazi achita zawo. Ndinakoka mpweya, n'kuuzira. Fuuu! Bambo wachizungu uja anatulutsa kansalu n'kuyamba kupukuta galasi la kamera yake. Ndinaponya nsomba choncho, kabango nditaiwala kulowetsa, nsomba n'kumira tikuona. Nkhwazi imodzi inatembenuka n'kutipatsa msana. Kodi munanyozedwapo ndi mbalame inu?

Basi ndinatulutsa kafoni mwakabisira, n'kukafumbata m'dzanja lamanja, n'kuika dzanjalo pakamwa ngati ndikuimba ndine. Nsomba ina, ya kabango tsopano, ndinaikweza ndi dzanja lamanzere. Ndinadina batani.

Likhweru la bambo linamveka panyanja ponse. Nkhwazi zonse ziwiri zinaponya mitu kumbuyo n'kulira, kulira kuja mukukudziwa, ndipo imodzi inanyamuka pamtengo. Che Jafali anazimitsa injini n'kugwetsa nkhope pansi. Ine ndinaiwala kudina batani loimitsa. Likhweru litatha kunabwera kuseka kwa bambo, m'boti mwawo momwe, pamalo pomwe ankaimirira, ndipo ine amene sindinalire bwino pamanda ndinalirira pomwepo. Maso anadzaza, nkhwazi ikubwera chotsika, makamera ayamba kale kulira.

"Ponyani!" anakuwa Che Jafali. "Achimwene, ponyani!"

Ndinaponya, anzanga. Ndinaponya ndi mphamvu zanga zonse, ndi dzanja limene ndimaponyera chilichonse chibadwire, lamanja. Bambo anali pakati ponena kuti "Nyalongwe, wamva?" pamene ndinamva chubwi! Nkhwazi inafika, n'kutambasula zikhadabo pamadzi opanda kanthu, n'kubwerera kumtengo. Ine ndili chiimire, nsomba ili m'mwamba m'dzanja lamanzere.

Ndinalumphira m'madzi ndi suti yomwe. Pamenepo m'pozama, pansi pake miyala yokhayokha ya mapanga, ndipo ndinamira n'kutuluka, kumira n'kutuluka, mpaka Che Jafali anandikoka ndi tayi ngati mbuzi yokana kupita kumsika. Nawonso anavula malaya n'kulowa, munthu wamkulu, anafufuza mpaka maso kufiira, koma anatuluka chimanjamanja. Ndinawafunsa alendo aja ngati makamera awo anagwirako mawu. Mayi uja atamva nkhani yonse anagwira pamtima, n'kunena kuti pepani, makamerawo ankajambula zithunzi zokha.

Njira yochokera kunyanja kufika kwathu ndi yaifupi, koma tsiku limenelo ndinailakalaka itatalika mpaka kukafika ku Limphasa. Ndinawapeza amayi ali pakhonde akusenda chinangwa. Anaona suti ikudontha, anaona nsapato imodzi, kenako anayang'ana m'manja mwanga.

"Ada ako ali kuti?"

Ndinagwada pansi n'kufotokoza zonse, osabisa kanthu. Ndinkayembekeza kuti akuwa, kapena andigenda ndi chinangwa, ndipo zikanakhala bwino akanatero. Iwo anangoika mpeni pansi.

"Nkhwazi zinawayankha?"

"Zinayankha, ama. Zonse ziwiri."

Anagwedeza mutu, n'kulowa m'nyumba, n'kutseka chitseko. M'mawa mwake ndinawaona atakhala pakhonde nthawi yawo ija, manja ali pamiyendo, ndipo ndinazungulira kuseri kwa nyumba chifukwa sindikanatha kudutsa pamaso pawo.

Alendo aja asanachoke anatsukitsa chithunzi chimodzi pa Chintheche n'kuwapatsira Che Jafali kuti atibweretsere. Chithunzi chokongola zedi, sindinama: nkhwazi mapiko tambalala, ine m'suti kukamwa yasa, nsomba m'mwamba, ndipo pakati pa ine ndi nkhwaziyo kadontho kakuda kali m'malere. Ndinafuna kuching'amba. Amayi anandilanda. Bambo, munthu wojambulitsa mbalame moyo wawo wonse, anali asanajambulidwepo chithunzi ndi kamodzi komwe, ndiye amayi anachiika m'felemu n'kuchipachika pabalaza.

Mpaka lero mlendo aliyense akalowa, kaya ndi amayi a kumpingo kaya ndi wogula nsomba, amamutengera pachithunzi paja. Amaloza kadontho kaja ndi chala n'kunena kuti, "Awa ndi malemu amuna anga, apa n'kuti akulankhula nane." Kenako chala chimasuntha pang'ono. "Uyu wagwira nsombayu ndi mwana wathu wa ku Joni."

Alendo amaseka, amayi amasekanso pang'ono, ine ndimatuluka panja. Ntchito ya nkhwazi ndinaisiyira ena a mano athunthu, ndipo ndinalumbira kuti ndikadzakweranso boti, dzanja lamanja lidzakhala m'thumba kuchokera pagombe mpaka pobwerera, ngakhale boti litagubuduka.