Tonde wa Chinkhoswe

Lolemba

Pakamwa pangapa padzandipha. Dzulo abusa akuti tikumbukire aganyu amene akuthyola nandolo pa famu ya bwana wa ku Limbe uja, kuseri kwa Njuli. Anthu ochokera kutali, ena ku Machinga, ena kutsidya kwa malire, akugona m'shedi ndi ana omwe. Mayi Chikopa, a chipewa cha maluwa aja, aimirira: "Ine nkhuku." Anthu m'manja. Ine kuona choncho ndangozipeza ndaimirira: "Ine mbuzi!"

Mbuzi yake iti? Tonde mmodzi yemweyo, amene ndakhala ndikusungira chinkhoswe cha mwana wanga Esinati. Esinati sakundiyankhula. Tonde akundiyang'ana ngati wamva.

Basi, zanenedwa. Andiika wapampando wa komiti. Phwando ndi Loweruka, poti Lamulungu lole ikudzawanyamula. Dongosolo:
- mpunga ndi nyama, mwana aliyense nthuli ziwiri
- zovala
- kwaya
- ulaliki waufupi. WAUFUPI!

Lachiwiri

Zovala zabwera. Mpingo wonse uja, ndi izi:
- mataye anayi
- gogoda imodzi, yakumanzere
- velo ya ukwati yodyedwa ndi mphemvu
- jekete ya a Namakhwa, mkulu wa mpingo, koma akuti aivaleko kaye Lamulungu likubwerali

Munthu wothyola nandolo padzuwa avale taye? Nkhuku ya Mayi Chikopa akuti yagwidwa ndi chitopa. Ndaiona m'mawa ikuthamanga kuposa kabaza.

Lachitatu

Wapansi mpaka ku famu. Shedi yopanda chitseko, masaka ndiwo mphasa. Mayi wina, Abiti Jafali, wandiyalira chitenje, wandipatsa madzi m'kapu imodzi yomweyo imene ali nayo. Ana atatu. Nandolo masana, nandolo madzulo. Nyama akuti anailawa komaliza pa Idi. Nditangotchula mbuzi, kamtsikana kake komaliza kayamba kuvina pafumbi pomwepo.

Kenako Abiti motsitsa mawu: "Pepani amayi, azinga ndani? Ambirife ndife Asilamu."

Ndaseka. Ine wobadwira ku Chiradzulu konkuno ndichite kuuzidwa zimenezo? Ngakhale pa maliro timaitana Msilamu azinge kuti aliyense adye. Tagwirizana kuti Che Yusufu, mkulu wa gulu lawo, abwere kwathu Loweruka m'mawa ndi mpeni wawo. Ndalonjeza, dzanja pachifuwa.

Lachinayi

Komiti. Maola atatu, awiri tikukangana za amene adzaime pakati pojambulitsa.

A Namakhwa akuti mbuzi ya mpingo izingidwa ndi mpingo. Zaka zonsezi akhala akudya kanyenya wa Asilamu pa Njuli osafunsa, lero chikhulupiriro chawakwera. Tonse tikudziwa nkhani yake: wozinga amatenga khosi ndi chiwindi. Ndawauza maso ndi maso kuti mbuziyo ndi yanga. Iwo akuti, "Inali yanu, mayi. Munaipereka kwa Ambuye." Ambuye ake a dazi, okhala kuseri kwa chigayo.

Kwaya yagawanika pa nkhani ya yunifolomu, tsopano makwaya alipo awiri ndipo sakupatsana moni. Abusa aitanidwa ku Limbe, ulaliki ausiyira a Namakhwa. Waufupi uja tauika m'manda.

Lachisanu

Ndapita pa Njuli kukatenga mpunga. Pochoka ndamuuza Esinati kuti munthu asakhudze chingwe cha tonde. Pobwera, ntchentche pabwalo ponse.

Tonde ali lende pa mtengo wa mango, wosendedwa kale. A Namakhwa akusamba m'manja m'beseni langa, khosi lili m'jumbo. Akuti amafuna kundipeputsira ntchito. Esinati akuti akanawaletsa bwanji akuluakulu, ndiponso mbuziyo sinalinso ya chinkhoswe chake.

Ndakalipa mpaka mawu atha. Mawu amene ndanena sindingawalembe m'kope momwe muli mavesi.

Nyama taifutsa kuti ifike mawa. Mayi Chikopa akuti ndisadzivute, ndikangonena kuti wazinga ndi Msilamu wa pa Njuli, nyama ilibe chidindo. Ndikuganiza za kamtsikana kovina kaja. Ndisaname, bodzalo ndaliyeserera kawiri ndikusenda anyezi, ndipo likutuluka bwinobwino.

Loweruka

Che Yusufu afika m'mawa, mpeni wokulunga m'kansalu. Ndawachingamira pamsewu, ndati zatheka kale, bambo. Angoyang'ana chikopa chili padenga la khola, atsanzika mwaulemu, abwerera.

Ku famu a Namakhwa alalikira kuyambira dzuwa lili paliwombo mpaka lapendeka. Mutu wake: kupereka. Ana ali pamzere, manja osamba kale, mbale pachifuwa, maso pa poto.

Abiti Jafali wandiyandikira. "Amayi, munalonjeza ndinu. Mukanena kuti ili bwino, tidya."

Bodza lija lili palilime, lokonzeka. Kamtsikana kali kutsogolo kwa mzere.

"Musadye. Wazinga si Msilamu."

Abiti wangogwedeza mutu, waitana ana. Kamtsikana sikanalire. Kaika mbale pansi bwinobwino, kabwerera m'shedi. Bola kakanalira.

Ndati adyeko mpunga wokha. Kuvundukula poto, Mayi Chikopa athiramo kale msuzi wonse, akuti kuti ukome. Mayo ine!

Aganyu achikhristu ochepa amene alipo adya mwamanyazi, atafulatira anzawo. Zotsalazo mpingo wadzipereka kumaliza kuti zisawonongeke. Makwaya awiri aja ayanjana pa poto wa nyama, mpaka kupatsirana mafupa. Mataye tagawa. Gogoda yabwerera.

Lamulungu

Lipoti pa guwa: ntchito ya Ambuye yayenda bwino, m'mapoto simunatsale kanthu. M'manja mwamphamvu kwa a Namakhwa, amene avala jekete ya aganyu ija. Dzina langa silinatchulidwe, kupatula panja, pomwe Mayi Chikopa akuuza anthu kuti ndachititsa manyazi mpingo pamaso pa alendo.

Lole yadutsa tili pa nyimbo yachiwiri. Ndaimva.

Pobwerera ndathyola masamba m'njira monga mwa masiku onse. Ndazindikira nditafika pakhola. Ndaima nawo pamenepo ngati chitsiru, chingwe chili pa chikhomo.

Esinati akuti m'mawa kunabwera mayi wa mpango ndi kamwana. Asiya kajumbo ka nandolo, akuti zikomo chifukwa cha dzulo. Zikomo ya chiyani? Mwana ndinamuvinitsa ndine, mbale yopanda kanthu ndinamupatsa ndine. Ndakwiya, koma sindikudziwa kuti ndakwiyira ndani.

Nandoloyo ndaphika. Akukoma, zimenenso zikundinyansa.

Esinati akufunsa kuti nanga pa chinkhoswe chake anthu adzadya chiyani. Ndamulozera poto wa nandolo.