Tsiku Limene Ndinapempha Mchere kwa Apongozi

Nkhani iyi ndiikamba ndekha, chifukwa alamu anga akamaikamba pa maukwati amaonjezera mabodza. Manyazi ake, abale, mpaka lero makutu amanditentha.

Ine ndimagwira ntchito mu laboratoriyo ya fabrika ina, fakitale tinene, ku Cuamba. Ndimapopera mpweya m'chubu chachitali chagalasi chodzaza madzi, n'kumayang'ana timathovu tikukwera. M'madzi wamba timathovuto tikakumana timaphatikizana n'kukula. Koma mukasungunulamo mchere timakana kuphatikizana, timakhala ting'onoting'ono mpaka madzi kuyera ngati mkaka. Ine zimenezi zimandikoma kuposa mpira.

Ndiye linafika tsiku lokaonekera kwa makolo a chibwenzi changa Lusiya, ku Ngauma. Tili mu shapa, minibasi zathu zija, titangodutsa Mandimba, mkulu wanga Tomasi anandichenjeza.

"Iwe, kumeneko mkamwini salongolola. Ukakhale ngati ukudwala dzino. Mawu onse ali ndi malume ake, a Zakariya. Akakana amenewo, ukwati palibe."

Anatilandira bwino, mpunga wa nkhuku ndi mabotolo a refiresiko wa olenji. A Zakariya anali atavala jekete yawo yoyera ya kutchalitchi. Ndinadzigwira ndithu, mpaka pomwe anandifunsa.

"Kodi a enjenyero, ntchito yanu kwenikweni n'chiyani?"

"Ndimayang'ana thovu, malume."

"La mowa?"

"Ayi, la madzi."

Anamuyang'ana Tomasi ngati wawabweretsera mbuzi yodwala. Mantha anandigwira, ndinaona Lusiya akundipulumuka m'manja.

"Dikirani ndikuonetseni! Mayi, ndipatseniko mchere."

Mayi ake a Lusiya, amene anakhala pamphasa chapatali, anagwira pakamwa.

"Epa! Nkhuku yanga ilibe mchere?"

"Ayi mayi, nkhuku ili bwino zedi!"

"Lusiya, sindinakuuze kuti ulawe iwe? Taona, mlendo wadya zozizira!"

"Si wa ndiwo, mayi. Ndi wa refiresiko."

Tomasi anandiponda phazi kunsi kwa tebulo, koma wakufa saopa kununkha. Mchere unabwera m'kambale, ine n'kuimirira ngati mphunzitsi, n'kufotokoza za timathovu tokana kuphatikizana. Botolo langa linali litatha, ndiye ndinatenga la malume, longotsegulidwa kumene.

Chimene ndinaiwala n'chakuti kuntchito mchere timayamba tausungunula, ndipo mpweya timaulowetsa pang'onopang'ono. Mu refiresiko mpweya umakhala uli kale m'kati, wothinana, ukungodikira chifukwa. Ine ndinathiramo sipuni yodzaza ya mchere wouma.

Fwaaa!

Thovu linatumphuka. Pofuna kupulumutsa zinthu ndinatseka pakamwa pa botolo ndi chala, osadziwa kuti ndapanga paipi yothirira fodya. Zonse zinalunjika kwa a Zakariya: jekete, tayi, ndevu. Jekete yoyera ija inasanduka papaya wakupsa.

Lusiya anathawira kuseri kwa nyumba. Ine ndinaima ndi botolo m'manja, ndikudziwa kuti ndibwerera ku Cuamba ndili mbeta.

A Zakariya anapukuta ndevu mosafulumira, n'kunyambita milomo.

"Mwati mchere umatani?"

"Umaletsa timathovu kuphatikizana, malume."

"Ndiye inu mwakwera shapa kuchokera ku Cuamba kudzapempha kuti tikuphatikizeni ndi mwana wathu, n'kuyamba ndi kuitanitsa mchere?"

Woyamba kuphulika anali mayi aja, anaseka mpaka kugwira nthiti. Tomasi naye, m'bale wanga weniweni, misozi mbwembwembwe.

"Lusiya, tabwera kuno!" anaitana malume. "Mutenge mwamunayu. Payekha sangafike Khrisimasi. Koma mchere m'nyumba mwanu uzisunga ndiwe."

Tinakwatiranadi. Anthu amenewa amandikonda, nanenso ndimawakonda. Koma ndikangotsika shapa ku Ngauma, apongozi amakuwa mudzi wonse n'kumva: "A enjenyero afika, bisani mchere!"

Ukamapita kwa apongozi, nzeru za kuntchito uzizisiya mu shapa.