Kwawo kwa a Fainala Nkuti, Bwana?

Pa Zigafa,
Esiteti yakale ya Kamtsizi,
Dera la Kaluluma, Kasungu.
Lachiwiri, 3 Novembala 2009.

Kwa Bwana Wamkulu Wosunga Kaundula wa Makuponi,

Bwana,

Ndiyambe ndi kupepesa pokutayitsani nthawi, inu amene mwasenza mayina a boma lonse pamutu. Ine ndine Lazaro Namphasa, wa zaka 60, ndipo sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Kale ndinkasankha fodya pa esiteti ino. Kuyambira 1971 ndimasunga buku la mpingo wathu momwe ndimalemba obadwa ndi omwalira, ndipo anzathu Achisilamu nawonso amadzalembetsamo ana awo, popeza buku lina kuno kulibe.

Kudandaula sindikudziwa. Ndalemba kuti ndithokoze, ndipo kumapetoko ndili ndi kapempho kokhudza a Fainala Muriya, mayi wamasiye wa ana anayi, amene dzina lawo mulibe m'kaundula wanu wa feteleza wotsika mtengo. Tamva kuti kaundulayo mutseka Lachisanu pa 13 mwezi uno. Kwatsala masiku khumi.

Kuti musavutike kutifunafuna pa mapu, pomwe sitilipo, ndifotokoze. Ife ndife matenanti akale. Mwini esiteti anasiya fodya mu 2001, natiuza kuti tizilima tokha timinda tathu mpaka adzabwerenso. Sanabwerenso. Tilipo nyumba 63, anthu 341. Obadwira pano ndi 212. Obadwira ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo ndi 47, ku Mzimba 29, ku Mangochi ndi Machinga 18, ku Dedza ndi Ntcheu 14, ku Mozambiki 11 kuphatikizapo ine, ku Lundazi m'Zambia 8, ku Burundi mmodzi amene ali ndi kagolosale. Wotsala mmodzi ndi a Tsoka, amene anabadwira m'lole yonyamula matenanti pakati pa Liwonde ndi Balaka mu 1974. Mukawonkhetsa mupeza 341. Ndawonkhetsa katatu.

1. Tikuthokoza kuti mumatidziwa.

Mu Juni 2008 owerenga anthu anafika pano, natilemba tonse, nasiya manambala a choko pazitseko zathu. Pa 19 Meyi chaka chino tinakaponya voti pasukulu yapafupi, ndipo panjira tinapatsidwa moni ndi anthu amene sanatipatsepo moni chibadwire. Masiku amenewo palibe anatifunsa kuti kwathu nkuti. Tinali a Kasungu enieni, moti a Tsoka anayamba kuyenda mokweza mapewa.

2. Tikuthokoza chifukwa cha tsiku la magule.

Loweruka pa 22 Ogasiti munabwera nokha ndi galimoto zitatu kudzaona chionetsero cha ulimi. Tinauzidwa kuti mtundu uliwonse uvine zakwawo. Alomwe anavina tchopa, a ku Mzimba vimbuza, Ayao manganje, ndipo mnzathu wa ku Burundi, pokhala yekha, anangoimba ng'oma. A Fainala anavina kawiri, tchopa ndi vimbuza, chifukwa zonsezi anaziyamwira. Inu munaimirira ndi kunena kuti: “Apa ndaona Malawi yense pabwalo limodzi.” Tinaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Tamvanso kuti chithunzi cha a Fainala chili pakhoma la ofesi yanu, ndipo pansi pake palembedwa kuti Mlimi wa ku Kasungu. Ndi ulemu waukulu. Nkhope yawo inalowa mu ofesi yanu mosavuta, dzina lokha ndilo lakanika pakhomo.

3. Tikuthokoza chifukwa cha malangizo a mlembi wanu.

Lolemba pa 14 Seputembala mlembi wanu anabwera kudzalemba mayina a olandira makuponi. Ndi bambo waulemu, anavula chipewa potipatsa moni. Anatisonyeza pepala lake, lomwe lili ndi malo olembapo mudzi ndi malo olembapo mfumu. Anati Zigafa si mudzi, ndi mashedi a fodya, ndipo shedi silingalandire feteleza. Tinamuuza kuti zigafazo zinagwa kalekale, atsala ndi anthu. Anati akumvetsa, koma pepala silimvetsa, choncho aliyense akalembetse kwawo.

Ena anati tilembedwe m'mudzi woyandikana nafe. Anthu a m'mudzimo ndi Achewa, eni nthaka, ndipo sitinayambanepo nawo. Ana athu anakwatirana, pamaliro timakumba limodzi. Koma iwo anapatsidwa mayina 40 pa nyumba 95, moti thumba limodzi amagawana anthu angapo poyeza ndi ndowa. Mayi wina wa kumeneko anatiuza moseka kuti tikalowamo ifenso, muyeso udzakhala supuni. Tinaona kuti akunena zoona, sitinaumirire.

Ambiri a ife tinangokhala pansi. A Fainala okha ndiwo anamvera malangizowo, popeza ndi munthu womvera. Munda wawo ndi ekala imodzi ndi theka, dothi lomwe fodya analikama zaka 33. Chaka chatha, opanda feteleza, anakolola matumba anayi a chimanga, pamene nyumba yawo imafuna khumi ndi anayi kuti ifike mwezi wa Epulo. Zotsalazo anazipeza ndi ganyu. Choncho anati ngati feteleza ali kwawo, apita kwawoko. Anabwera kwa ine kudzafunsa kuti buku likuti chiyani.

Buku likuti iwo anabadwa pa 9 Malichi 1972, m'nyumba ya kuseri kwa chigafa chachitatu, pano pomwe. Koma popeza pano si malo obadwirapo munthu, tinayang'ana kwa makolo. Apa, Bwana, ndikupempha muwerenge pang'onopang'ono.

Bambo awo, malemu a Muriya, anali Mlomwe wa ku Phalombe. Tinabwera pa lole imodzi mu 1968. Mayi awo, malemu NyaShaba, anali a ku Mzimba, kufupi ndi Embangweni. Ife akummwera sitilowola. Mwamuna amapita kukakhala kwa mkazi, ndipo ana ndi a kuchikazi. Kumpoto mwamuna amapereka ng'ombe, ndipo ana amakhala a kwa bambo. A Muriya anali munthu wamanyazi, sanafune kuti apongozi awo aziti wakummwera uja sadziwa mwambo. Anagwira fodya zaka ziwiri, nagula ng'ombe ziwiri, ndipo pa 18 Julayi 1970 tinazikusa wapansi kukazisiya kwa a Shaba. Ndinalipo, imodzi inandiponda phazi. Kwa a Shaba anamuyamikira, kwawo ku Phalombe anamuseka kuti wagula mkazi ngati njinga. Palibe mwa ife anaganiza kuti ulemu umenewu udzasowetsa mwana kwawo patapita zaka 39.

4. Tikuthokoza kuti mwayendetsa a Fainala dziko lawo.

Mayi ameneyu anali asanapitirirepo Kasungu Boma. Chifukwa cha inu, anagulitsa mbuzi ziwiri mwa zitatu, nanyamuka Lolemba pa 5 Okutobala. Anakwera galimoto zinayi, nafika ku Phalombe Lachitatu. Phiri la Mulanje analiona, akuti ndi lalikuludi.

Azakhali awo, alongo a malemu a Muriya, anawalandira ndi misozi. Anawazungulira, kuwagwira makutu, nkumati mphuno ndi ya malemu yeniyeni. Anapha nkhuku. Koma atatchula za kaundula, azakhaliwo anapukusa mutu nati: “Nkhope ndi yathu, mwanawe, koma iwe ndiwe wa kwa amako. Unaonapo tambala akuyenda ndi anapiye?” Anafotokoza kuti mayina a kumeneko ndi a mbumba, ana a akazi, ndipo ngakhale iwowo sakukwana. Anawapatsa nandolo wodzaza kathumba kuti asabwerere chimanjamanja. A Fainala anafika pano pa 12 Okutobala.

Anapuma sabata imodzi, ndipo pa 19 ananyamuka kupita ku Mzimba, galimoto ziwiri zokha, podzera pa Jenda. Amalume awo, amene kumeneko amati asibweni, nawonso anasangalala kwambiri. Anawatengera kukhola nawaonetsa ng'ombe zisanu ndi ziwiri, nati zonsezi ndi zidzukulu za ng'ombe za bambo ako, munthu wabwino uja. Kenaka anati m'chinenero chawo: “Ng'ombe zikiza, mwana wakaluta.” Ndiye kuti ng'ombe zinabwera, mwana anapita. Anati kulemba a Fainala m'mudzi mwawo kungakhale kunyoza malemu, ngati kuti sanalowole. Anawapatsa nkhuku yamoyo. A Fainala anafika pano pa 21.

Ndawerengera motere: masiku apaulendo 11, galimoto 12, mbuzi zopita ziwiri, zobwera nazo nandolo ndi nkhuku imodzi. Mizere ya m'munda mwawo, imene ikanatha pakati pa Okutobala, anamaliza dzana. Onse awiri, azakhali ndi amalume, analankhula zoona monga mwa mwambo wawo, ndipo sindikuwadandaula. Anthuwo amawakonda a Fainala. Kungoti aliyense amawakonda ngati mwana wa mnzake.

5. Tikuthokoza kuti masamu a kaundula wanu ndi olondola.

Ndanena izi chifukwa cha a Tobias, oyandikana nyumba ndi a Fainala. Dzina la bambo awo sinditchula. Iwowa zinawayendera mosiyana: bambo awo ndi a ku Mzimba ndipo analowola, mayi awo ndi a ku Mulanje. Kumpoto amati ndi mwana wathu, ng'ombe tinapereka. Kummwera amati ndi mwana wathu, tinabala ndife. Tamva kuti dzina lawo linalembedwa mbali zonse ziwiri kuyambira 2006, ndipo abale okoma mtima amawalandirira makuponiwo kuti asavutike ndi ulendo. Amawathandizanso kuthira fetelezayo m'minda ya komweko. A Tobias eni ake sanaonepo ngakhale thumba lopanda kanthu.

Tsiku limene a Fainala anabwera kuchokera ku Mzimba, a Tobias anawachingamira panjira nati: “Alamu, tingokwatirana basi. Ine midzi ndili nayo iwiri, umodzi ndikugawirani.” A Fainala anatula nkhuku yawo pansi nati: “Midzi iwiri, koma chimanga chanu chaka chatha chinali chachikasu kuposa changa. Ndikwatiwe ndi njala yolembetsa kawiri?” Tinaseka tonse, ngakhale iwo amene mapazi anali atatupa.

Koma taonani ubwino wake, Bwana. A Fainala mulibe m'kaundula, a Tobias alimo kawiri. Anthu awiri, mayina awiri. Amene adzabwere kudzafufuza mabuku anu adzapeza kuti palibe wosowa. Ine amene ndimakonda masamu ndinagoma.

6. Tikuthokoza chifukwa cha benchi.

Lolemba pa 26 Okutobala ndinaperekeza a Fainala ku ofesi yanu, nditanyamula buku langa. Tinafika 8 koloko m'mawa. Tinauzidwa kuti muli ku msonkhano wokambirana za kufikira alimi ovutikitsitsa, ndipo tinakondwa kuti nkhani yathu ikukambidwa. Tinakhala pa benchi lanu maola asanu ndi limodzi. Ndi benchi labwino, losalala. Itakwana 2 koloko, mayi wa pawindo anationa, namvetsera zonse mofatsa. Buku langa analiyamikira kuti ndimalemba bwino, koma anati lilibe chidindo. Anati nkhaniyi ndi yosavuta: a Fainala angobweretsa kalata yochokera kwawo yotsimikiza kuti kwawo si kumeneko. A Fainala anafunsa motsitsa mawu kuti kwawo kwake kuti, kwa nandolo kapena kwa nkhuku. Mayiyo anaseka, nati zimenezo akudziwa ndi Bwana.

Nchifukwa chake ndalembera inu. Kunjaku mitambo yayamba kusonkhana chakumadzulo, ndipo dzulo kunagunda. Mvula ya kuno safunsa mudzi kapena mfumu, imangogwa pa aliyense, chifukwa sinapite kusukulu. Ikagwa, a Fainala adzabzala, feteleza alipo kaya palibe, ndipo akapanda kuthira, mu Janyuwale adzasiya munda wawo kukapalira wa ena monga chaka chatha.

Pempho langa, Bwana, ndi laling'ono. Ngati nkotheka, pasanafike pa 13, lembani dzina la Fainala Muriya pamzere uliwonse umene watsala m'kaundula wanu. Ndi zilembo 13 zokha, ndawerenga. Pa malo a mudzi mutha kulemba pamene pali munda wawo, poti fetelezayo sapita kwa azakhali kapena kwa amalume, apita m'nthaka.

Koma ngati pepala likanabe, ife sitikangana ndi pepala. Pamenepo ndingopempha nzeru. Mwana woyamba wa a Fainala ndi woyembekezera, ndipo anamwino akuti ndi chapakati pa Disembala. Sitikufuna kubwerezanso kulakwa kwa 1972, kolola mwana kubadwira pamalo osavomerezeka. Chonde tilembereni, ndi chidindo chanu, malo amene munthu akabadwirapo amakhala wa penapake. Njinga ilipo, tidzamutengera komweko. Ngati malowo ndi pakhonde la ofesi yanu, tiuzeni masiku amene mumakhalapo, ndipo tidzamupempha mtsikanayo kuti ayesetse kupirira mpaka mutatuluka mu msonkhano.

Ndatha ine wanu wotsikitsitsa, wokhala pamalo amene palibe,

Lazaro Namphasa,
Wosunga buku lopanda chidindo, pa Zigafa.