Maliro a Atate a Mutale

Nkhani iyi ndimaikamba nditaweramitsa mutu. Ndaganiza zoikamba ndekha chifukwa amayi a kumpingo kwathu ku Kabwata akamaikamba amathirako mchere.

Ndinabwerera kusukulu ndili mayi wa ana atatu. Kuntchito anachotsa mafaelo a mapepala n'kubweretsa makompyuta, ndipo anatiuza mosapita m'mbali kuti wosaphunzira adzapuma msanga. Ndiye ndinayamba kosi ya madzulo m'tauni, ya systems analysis ndi database, yophunzira kusanja ndi kusunga zinthu mu kompyuta.

Chingerezi ndinkachidziwa, cha mu ofesi ndi cha kuchipatala. Koma cha m'kalasi muja chinali china. Mawu omwe ndinakula nawo, monga key, field ndi table, anali atasintha ntchito. Table sipoika mbale ayi, ndi mizere ya mayina ndi manambala. Aphunzitsi ankati tiziwalankhula mawuwa ngakhale panja, kuti lilime lizolowere.

Pa project anandiphatikiza ndi Mutale, mtsikana wa ku Chelstone, wa msinkhu wa mwana wanga woyamba. Ankanditchula "ba mayo", ndiko kuti amayi, ndipo ndikalakwitsa ankandikonza osaseka. Anandiuzapo kuti atate ake amadwala shuga, ndi kuti iye ndiye woyamba kubadwa, azing'ono ake akadali kusukulu.

Sabata ina sindinapite kukalasi, mwana wanga anali ndi malungo. Lachisanu madzulo ndili m'minibasi, kondakitala akukangana ndi anthu kumbuyo, foni inalira. Anali Mutale, mawu akunjenjemera.

"Ba mayo, vintu vaonongeka. The parent is gone."

"Wati bwanji, mwananga?"

"Parent yayenda. Nayesa ku recover, vakanga. Ma children yonse manje ni ma orphans."

"Uti mwa awiriwo?"

"The main one. Lelo kuseni. Bwelani mailo, ba mayo, neka sinizakwanisa."

Foni inaduka. Ndinayesa kuimbanso, sinalowe. Ndinadziuza kuti munthu woferedwa samuvutitsa ndi mafunso. Ndikanatchera khutu ndikanamva kuti wati "yayenda", osati "ayenda". Koma ana a mu Lusaka muno amatha kunena "yayenda" ngakhale kwa abusa.

M'mawa mwake ndinagogoda kwa Amake Dalitso, oyandikana nafe, amene amayambitsa nyimbo pa maliro onse a mpingo wathu. Sanafunse zambiri. Tinamanga zitenje ndi maduku, tinanyamula thumba la ufa, makabichi ndi mabulangete ogonera pamaliro.

Tinakwera minibasi ya ku Chelstone, yodzera msewu wa Great East. Ine ndinkakumbukira atate anga, amene anatisiya ndili pafupi kulemba mayeso, ndi momwe sukulu yanga inathera pomwepo. Ndinkaganiza za Mutale, kuti nayenso mwina aleka. Misozi inayamba tisanatsike n'komwe, ndipo inali yeniyeni.

Panyumbapo panalibe tenti, panalibe utsi, mipando sanatulutse panja. Amake Dalitso anapukusa mutu.

"Tafika oyamba. Anawa alibe wowatsogolera."

Chisoni chinandichulukira. Pa geti pomwepo Amake Dalitso anayambitsa kulira, ine ndinapolokeza. Mayi wina wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda, n'kuthamanga akumanga chitenje, natitsatira akulira nayenso.

Pabwalo panali bambo wachikulire, atavala vesiti, akuthirira repu ndi paipi. Ndinati awa ndi amalume, afika usiku. Ndinagwada patsogolo pawo.

"Pepani, atate. Tamva za atate a Mutale."

Anatseka mpopi pang'onopang'ono. "Mwamvela chani?"

"Kuti atisiya dzulo m'mawa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana manja awo, kumbuyo ndi kutsogolo.

"Nindani wakuuzani?"

"Mutale mwini wake."

Bamboyo anakhala pa njerwa. Mayi woyandikana uja anali atasiya kale kulira, akuyang'ana bamboyo ndi kuyang'ananso ife. Amake Dalitso sanaone kanthu, anali atatsinzina, nyimbo ikukwera.

"Mutale!" anaitana bamboyo. "Bwela uniuze vamene ninafa navo."

Nyimbo inaduka pakati pa liwu.

Mutale anatuluka atakumbatira laputopu. Anaona maduku, ufa, mabulangete, ine ndili chigwadire pamatope patsogolo pa atate ake amoyo. Anagwira pakamwa.

"Ba mayo, ni parent table," anatero motsitsa mawu. "Tinaphunzila this week. Munalibeko."

Anagwada pambali panga n'kutsegula laputopu, ngati kuti kuona kungachepetse manyazi. Mu database yathu munali table ya makasitomala ndi table ya zimene agula. Yoyambayo amaitcha parent, yachiwiriyo child, chifukwa imadalira inzake. Mutale anafufuta yoyambayo mwangozi, ndipo zogula zonse zinatsala zopanda mwini. Zotsala zoterozo amazitcha orphans. Project inkafunika Lolemba.

Ndinafuna kuti nthaka ing'ambike ndilowe. Mayi woyandikana uja anabwerera kwawo akumasula chitenje, ndipo tinamumva akuseka kuseri kwa mpanda, akuitana wina kuti adzamve.

"Ndiye amene wamwalira ndani?" anafunsa Amake Dalitso.

"Makasitomala," ndinayankha.

"Angati?"

"Si anthu, Amake Dalitso. Ndi mayina chabe."

Anapita kukakhala pakhonde, n'kupinda manja, ndipo tsiku lonselo sananditchule dzina.

Ndinapepesa kwa atate a Mutale mpaka mawu anandithera. Iwo anangoti popeza ndabwera, ndilowe ndithandize mwana. Tinakhala pa table yeniyeni ya m'nyumba, ine duku likadali kumutu, tikubwezera makasitomala mmodzimmodzi. Mutale ankatchula liwu lililonse kawiri, n'kundiuza kuti ndinene m'Chinyanja chimene ndamva asanapitirire. Pofika chakumadzulo ana onse anali atapezanso kholo lawo. Lolemba tinapereka, ndipo tinakhoza. Mpaka lero funso la parent ndi child sindinalilakwepo.

Potsanzikana, atate a Mutale anatiperekeza mpaka pa geti. Anthu a mumsewumo anali atakhala panja ngati akudikira ukwati. Bamboyo anandigwira dzanja ndi manja awiri, nkhope ili duu, osamwetulira n'komwe.

"Ba mayo, mwalila bwino maningi," anatero. "Nenze sinaziwe kuti kuli bantu banganilile so. Siku yeniyeni ikafika, osavutika kubwela. Namvela kale neka."

Ukamva kuti kholo lapita, usanamange duku yamba wafunsa ngati linkapuma.