Galimoto ya Mipando Iwiri

Lolemba

Ndaganiza, ndipo sindibwerera m'mbuyo. Pikapu ndikugulitsa.

Zaka zisanu ndi zinayi ndili nayo, koma sindikukumbukira Loweruka limene ndinadzuka n'kupita kumene ndafuna ine. Muno m'Chilomoni pikapu sikhala ya mwini wake. Ndi ya mpingo, ya maliro, ya ukwati, ya aliyense wodziwa kugogoda pageti. Mlungu wathawu wokha yanyamula:

- bokosi la maliro, kuchokera ku Ndirande
- mabenchi a kutchalitchi, kupita ndi kubwerera
- chimanga cha munthu amene dzina lake ndalidziwira m'njira
- mbuzi ziwiri za chinkhoswe, ina yanditafunira tenti
- kwaya yonse, ndi ng'oma yomwe

Mafelemu a mawindo amene ndinaigulira galimotoyi, makasitomala akumadzatenga okha pa wilibala kushopu kwanga ku Chirimba.

Kukana sindimatha. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Koma lero ndikuwotcherera geti la munthu, nzeru yandibwerera: ndisamakane ine, izikana ndi galimoto. Ndigule ya mipando iwiri basi, zothamanga zija timangoziona pa makalendala. Mpando wina wanga, wina wa mayi a Tadala. Wopempha akabwera ndizingoloza kuti onani nokha achimwene, mukhala pati?

Chimene chimandiwawa kwenikweni ndi mayi a Tadala. Chigulireni pikapuyi, kutsogolo pambali panga akhalako mwina kasanu. Nthawi zonse pamapezeka wokalamba, wodwala kapena abusa, iwo n'kukwera kumbuyo, padzuwa ndi pafumbi. Mkazi wa mwini galimoto!

Loweruka likubwerali kuli ukwati wa Esinati, mwana wa a Likoswe oyandikana nawo nyumba. Ndikufuna tikafike ngati alendo oitanidwa, awiriwiri, iwo pambali panga, suti yanga yopanda mwaye wa mapoto. Sindinawauze kanthu. Adzaona okha.

Lachiwiri

Shopu ndatseka. Ndatenga Che Yusufu, makaniko wanga wa ku Ndirande, kukaona magalimoto.

Yoyamba, ku Namiwawa. Yakuda, yaitali, ya ku Jeremani. Mwini wake anali bwana m'boma lakale lija, ndipo chibwerereni matipate zoterezi zikugulitsidwa mwakachetechete kuseri kwa mipanda. Mipando yachikopa, injini ikulira ngati mphaka wokhuta. Mtima wanga wagwa ndithu, sindikubisa. Ndiye bwanayo watsegula buti monyadira: "Umu mumalowa matumba atatu a feteleza, n'kutsala malo." Ndatseka ndekha butiyo. Mipando ilimo isanu, kuwerenga kwa ku Chilomoni ndiye kuti anthu khumi ndi mmodzi.

Yachiwiri, ku Limbe kuseri kwa sitolo ina. Yotuwa, yangofika kuchokera ku Joni. Wogulitsa akuti Blantyre mpaka Zomba ndudu isanathe. Zitseko zinayi, vuto limodzi limenelo. Mapepala akuti ali m'njira. Che Yusufu asuzumira pansi pa boneti, apukuta pa nambala ya injini ndi chala, kenako andikoka malaya: "Tiyeni tizipita, ine ndili ndi ana."

Pobwerera m'minibasi andifunsa ngati ndili bwinobwino. Akuti zaka zonse akhala pa ntchito ya magalimoto sanaonepo munthu wokana galimoto chifukwa chakuti ili ndi malo.

Madzulo a Likoswe andipatsa moni wautali pampanda, mpaka kufunsa za chifuwa chimene ndinadwala chaka chatha. Za galimoto ya ukwati sanatchule. Satchula n'komwe, kwa iwo nkhaniyo inatha tsiku limene Esinati anabadwa.

Lachitatu

Ndaipeza!

Ku Thyolo, kwa mzungu wina wa ku esiteti ya tiyi amene akubwerera kwawo. Yofiira. Kutalika kwake ikundilekeza m'chiuno. Zitseko ziwiri, mipando iwiri, denga la nsalu lopinda. Buti ndayeza ndi dzanja: mungalowe ambulera, Baibulo, mwina ndi buledi. Mbuzi singalowe ngakhale mutaipempha.

Galimoto imeneyi sakwera, amatsikiramo. Potuluka ndachita kugwira pansi ndi manja onse awiri. Ndizolowera.

Tayesa pamsewu wa pakati pa tiyi. Ndangoponda pang'ono, mitengo yonse yasanduka chinthu chimodzi chobiriwira. Ndaseka ndekha ngati mwana. Che Yusufu amangotchula dzina la Mulungu.

Zimene anena Che Yusufu titatsika:

- masipeya ake ngakhale ku Joni muchita kufunsira
- petulo imamwa ngati ili pa maliro a mdani wake
- mimba yake ili pafupi ndi nthaka kuposa ya bakha
- "Iyi ndi ya anthu opanda abale."

Mfundo yomalizayo ndi imene yandikhutiritsa.

Mzunguyo amawadziwa Che Yusufu, ndiye walola ndiitenge mawa, ndiiyese mpaka Lamulungu. Nayonso pikapu yapeza woifuna, a Makwinja a butchala ya pamsika. Aitenga lero, nawonso kuyesa mpaka Lamulungu. Zonse zikuyenda ngati zodzozedwa mafuta.

Mayi a Tadala ndawauza kuti pikapu ili ku galaja. Bodza laling'ono, la tsiku limodzi.

Lachinayi

Kuchokera ku Thyolo mpaka pamene tala wathera, ndinali mfumu. Kuchokera pa tala mpaka pakhomo panga, mimba yakhula pansi katatu. Kachitatuko ekizosi yatsala pamwala. Palibe kanthu, kuwotcherera ndiye ntchito yanga.

Pageti yakana kulowa chifukwa cha ngalande. Zaka zonsezi sindimadziwa kuti ndili ndi ngalande. Ndayala matabwa awiri, yalowa.

Anthu adzaza pampanda. Mayi wina wogulitsa makala waiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena mondilimbitsa mtima: "Kabwino ndithu. Kadzakula."

Mayi a Tadala atuluka akupukuta manja. Aizungulira kamodzi, aizunguliranso. "Nanga kumbuyo kwake kwatsala kuti?" Ndafotokoza kuti ndi mmene inabadwira. Ndawatsegulira chitseko ngati m'kanema. Alowa cham'mbali, duku lagunda denga, mawondo afika pachibwano. Akuti zikukhala ngati akhala m'beseni. Kutuluka kwake ndi bwino ndisalembe, mwina buku lino adzaliwerenga.

Kenako afunsa za pikapu. Ndanena zoona. Angoti "Oho," n'kubwerera kukhitchini. "Oho" ameneyu ndimamudziwa, takhala limodzi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.

Komabe ndakhala pakhonde mpaka dzuwa kulowa, kumangoiyang'ana. Ndi yokongola, ngakhale adani angavomereze.

Lachisanu

Nzeru yanga ikugwira ntchito!

M'mawa wabwera mkulu wa mpingo za mabenchi. Wayang'ana galimoto, wayang'ana ine, wafunsa za umoyo, wapita. Wabwera wina wa matumba a simenti, sanalowe n'komwe pageti. Sindinakane munthu aliyense. Pakamwa panga ndi poyera.

Cha m'ma teni abwera a Likoswe ndi ankhoswe awiri. Akuti popeza Mulungu watidalitsa ndi galimoto yapamwamba m'dera lino, itenge akwati potuluka m'tchalitchi. Ndawalozera mipando. Awerenga okha: woyendetsa mmodzi, watsala mpando umodzi. Maganizo amene aperekedwa:

- ndipereke makiyi, ayendetse mkwati (mkwatiyo chimene anayendetsapo ndi njinga)
- ndiyende maulendo awiri, woyamba Esinati, wachiwiri mwamuna wake
- Esinati akhale pampando, mwamuna azithamanga pambali (awa anali nkhoswe ya kuchikazi, ndipo sindikudziwa ngati amaseka)

Maulendo awiri ankhoswe akana, akuti anthu sangalumbire kuti sadzasiyana kenako n'kusiyana pakhomo pa tchalitchi pomwepo. Atsanzika mwaulemu. Ndapambana.

Masana onse pageti pali zii. Ndawerenga nyuzipepala yonse mpaka zotsatsa malonda. Ndatsuka galimoto. Ndaitsukanso.

Cha m'ma fili ndamva hutala imene ndingaizindikire ngakhale ndili m'manda. Pikapu yanga, yodzaza nkhuni ndi mapoto, ikulowa kwa a Likoswe. A Makwinja akuikukuta giya yachiwiri mpaka ndamva kuwawa m'mano. Giya imeneyo imafuna kuinyengerera.

Tsiku lotere amayi ophika kuukwati amanditumizira thobwa ndi kambale ka chiwindi, amati za adalaivala. Lero ndangomva fungo lokha pampanda. Si kanthu. Chiwindi chimandipatsa chilungulira.

Loweruka

Ndadzuka ndekha, popanda wogogoda. Suti yopanda banga. Galimoto ikuwala mpaka nkhuku zikudziyang'anirapo.

Mayi a Tadala atuluka atatchena nsalu ya ukwati, okongola ngati chaka chimene ndinawapeza ku Bangwe. Ndatsegula chitseko. Iwo ayang'ana kumsewu kumene pikapu yaima, amayi ali ndi masamba m'manja kumbuyo. "Tsogolani, bambo a Tadala. Anzanga akundidikira, nyimbo ayambitsa ndani?" Atatero, aponda tayala, akwera ngati mtsikana.

Ndayendayenda kufuna wokhala pampando wawo. Abusa akuti mawondo. Agogo ake a Esinati akuti sanakonzeke kulowa m'bokosi. Mkulu wa mpingo uja wangoti, "Ife tazolowera kumbuyo, bwana." Bwana! Munthu amene ndakhala naye benchi imodzi chiyambire.

Choncho pamdipiti wa ukwati ndayenda ndekha, denga lopinda, pambuyo pa pikapu yanga, ndikudya fumbi la pikapu yanga. Galimoto yotha kufika ku Zomba tiyi asanazizire, ikuyenda liwiro la munthu wopita kumunda. Kutsogolo kwangaku mkazi wanga akuvina, akugwedeza nthambi, osacheuka ngakhale kamodzi. Suti yafika kuholo ili yofiira kuposa galimoto.

Kuholo a Makwinja awakhazika kutsogolo, pafupi ndi ankhoswe. Ine benchi yachitatu kuchokera kukhomo. Woyendetsa mwambo wati tiwombere m'manja a Makwinja, amene atigwira mkono ndi galimoto yawo usana ndi usiku. Galimoto yawo! Nthungululu mpaka malata kunjenjemera. Ndawomba nawo, nanga n'kutani.

Ine ndatchulidwa kamodzi: "Mwini kagalimoto kofiira akakachotse, katseka njira ya pikapu ya zakudya."

Zandiwawa, ndisaname. Ndimayesa kuti anthu amandivutitsa, kani ndiye kunali kukhala nawo kwakeko. Walira mvula walira matope.

Titabwerera kunyumba ndawafunsa mayi a Tadala ngati sizimawapweteka kukhala kumbuyo zaka zonsezi. Andiyang'ana ngati ndafunsa ngati madzi amanyowetsa. "Anakuuzani ndani kuti ndimavutika? Kutsogolo kuli chiyani? Inu mukagwira chiwongolero simuyankhula, mumangotukwana maenje. Nkhani zonse zili kumbuyo."

Zaka zisanu ndi zinayi ndikumvera chisoni munthu amene akusangalala.

Lamulungu

Mapemphero oyamba ndajomba. Ndabweza galimoto ku Thyolo. Pamsewu wa tiyi uja ndaiponda komaliza, ndekha, mpaka misozi kutuluka chifukwa cha mphepo. Ndi galimoto yabwino, ndipo ndidzaikumbukira. Mzungu wafunsa chimene chavuta. Ndati palibe, yachita zonse zimene ndinaifunira.

Ndabwerera pa minibasi, anayi pampando, dengu la nthochi la munthu wina pamiyendo panga.

Kwa a Makwinja ndinakonzekera kuchonderera. Sanandipatse mpata. Makiyi anali kale m'manja: "Tengani, achimwene. Chilandirireni galimotoyi sindinaime pa butchala ngakhale ola limodzi. Inu mumatha bwanji?" M'kati mukununkha nyama, giya yachiwiri yakwiya, koma ndi yanga.

Sindinafike n'komwe pageti. A Likoswe andiimitsa pamsewu, moni wawo waufupi ngati kale. Zofunika kunyamula:

- mabenchi, kubwerera kutchalitchi
- mapoto, kwa eni ake asanu
- alendo a kuchimuna, kukakwera basi ya ku Mulanje ku Limbe
- amayi operekeza alendowo, amene achuluka kuposa alendo

Ndatsegula chitseko cha kutsogolo, ndayang'ana mayi a Tadala m'gulu la operekezalo, mwina mwayi. Iwo agwira kale dzanja amalume ake a mkwati, a mwendo wotupa, akuwakweza bwinobwino ndi tambala wawo wa mphatso. Atseka chitseko, andimwetulira, azungulira kumbuyo.

Amalumewo agona tisanafike pa tala. Tambala akundiyang'ana ndi diso limodzi.

Kumbuyo nyimbo yayamba, ndipo mawu otsogolera ndikuwadziwa. Ndatsitsa galasi kuti ndizimva bwino. Ku Limbe si kutali, koma ndadzera njira yozungulira.