Oilo wa galimoto yonyamula Agnesi

Lolemba
Galimoto ilibe oilo. Ndamutulutsa ndekha m'mawa uno, wakuda bii. Ndi galimoto yaliwiro, ndagula kwa mzungu wa ku mgodi amene akubwerera kwawo. Buku lake likuti muthiridwe oilo yekhayo amene opanga injini anavomereza. Chizindikiro: zilembo zitatu pa chitini. Loweruka ndinyamula mlongo wanga Agnesi kupita naye kutchalitchi pa ukwati wake. Amayi ndinawalonjeza. Masiku alipo.

Lachiwiri
Magalaja anayi m'Kitwe. Zilembo palibe. Chivutire malire a kumwera, aliyense akugulitsa zimene lole yabweretsa.

Lachitatu
A Mwape, oyandikana nafe muno m'Wusakile, abwera ndi chigubu cha oilo wa makina a pansi pa mgodi. Akumupima ndi zala ziwiri, akumununkhiza. "Mukwai, bwana wanga, injini sidziwa kuwerenga." Lole yawo imafuka ngati uvuni wa njerwa. Ndakana mwaulemu.

Lachinayi
Ganizo: kubwezeramo oilo wakale uja. Beseni lomwe ndinamusungamo lili mbee! Mkazi wanga, amake Tereza, wapaka mitengo kuti chiswe chisadye.
Zotetezeka tsopano: khola la nkhuku, mpini wa khasu, chitseko cha chimbudzi.
Zosatetezeka: ukwati.

Lachisanu
Basi ya ku Ndola. M'kasitolo kena kufupi ndi Kanini chitini chilipo, zilembo zonse zitatu! Ndikufika kunyumba, ndikuona kuti chivindikiro chinatsegulidwapo kale. A Mwape aviika zala. "Uyu ndi wathu yemwe uja." Fungo ndi limodzi ndithu. Zilembo n'za chitini, zam'kati n'za mgodi. Sindithira.

Loweruka
Naini koloko. Agnesi waima pakhomo ndi velo. "Achimwene, thirani chilichonse!" Ndikumumasulira tsamba la m'buku lija lonena za oilo. Ndisanamalize, amayi amasula maliboni pa galimoto yanga, amanga pa lole ya a Mwape. Mkwatibwi wafika kutchalitchi pa nthawi yake, velo litada pang'ono. Ine kumbuyo ndi a kwaya, kumene utsi umafikira.

Lamulungu
Amayi sakundiyankhula. Agnesi watumiza keke kwa onse, dzina langa palibe. Komabe injini sinalawe ngakhale dontho lolakwika, izi n'zoona. Nkhuku yaikira dzira m'galimoto, pa mpando wa mkwatibwi. Ndalemba kalata kwa opanga injini kutsidya kwa nyanja. Yankho mwina mvula ikayamba.
Buku silikuoneka. Amake Tereza akuti asunga pabwino. Akutinso a Mwape abwera mawa ndi chigubu, ine ndili ku ntchito.