Mawu a Mkazi Wanga Ali M'kompyuta Yanu Yoyera

Kwa Bwana Wamkulu wa kampani yopanga makompyuta oyera aja,

Wolemekezeka Bwana,

Woyamba kundiuza za inu ndi wometa tsitsi wa pakona pa msewu wathu. Ankandimeta ndevu, lezala lili pakhosi, ndiye sindikanamutsutsa. Anati makompyutawa ali ndi eni ake awiri, inu a oyera ndi anzanu a akuda, ndipo simupatsana moni. Ndinati mumtima, bodza la ometa. Pepani, ndinamulakwira mnzanga.

Ine ndine nkhalamba yokamba nthano. Sukulu ndinaidutsa kunja kwa mpanda. Zonse ndinaphunzira ndi khutu. Dzanja likulembali ndi la mwana wanga wamkazi, nesi, yemwe ndimakhala naye, ndipo akuti ndisatalikitse. Ndiyesa.

Choyamba, zikomo potigawa bwino pabanja. Mwana wanga wamwamuna, wojambula zithunzi, ali ndi yanu yoyera. Mkamwini wanga, kalaliki wa kusitolo ya zitsulo, ali ndi yakuda. Kale alamu awiriwa ankangokangana za mpira. Lero patebulo mwana wanga amati ya alamu ake ndi lole yakale, imayamba yatsokomola isanadzuke, ndipo matenda aliwonse odutsa mumsewu imawatola. Mkamwini amabweza kuti ya alamuwo ndi mkazi wokongola wosapatsa moni abale a mwamuna wake. Supuni zimaloza anthu kumaso. Chakudya chimazizira, ine n'kumadya ndekha ndiwo za anthu atatu. Pamenepo ndiye sindidandaula.

Chachiwiri ndiye chenicheni. Mayi a ana angawa asanatisiye, mwana wanga wamwamuna uja anatijambula mawu pabalaza, ine ndikukamba nthano, iwo akundivomera nyimbo zake. Pena ankandidula n'kunena kuti bambo inu, mwanama, dzana simunatero. Mawuwo ali m'kompyuta yanu. Tsopano mwanayo wapeza ntchito kutali, anyamuka Loweruka, kompyuta kukhwapa. Ine nditsala ndi yakuda.

Mwana wanga anaika mawuwo pa fulashi. Yakuda inaiyang'ana fulashiyo n'kunena kuti siyikuidziwa, koma ikhoza kutithandiza poifufuta. Ulemu wotere, Bwana! Tinafuna chingwe. Chachitatu n'chimenecho: ndikuyamikani pa nzeru za mabowo. Yanu ili ndi timabowo tiwiri, ting'onoting'ono ngati mphuno za khanda, ndipo m'dilowa yodzaza zingwe, za wailesi, za mafoni akufa, ngakhale cha ayironi, palibe chinalowa. Tinapita nayo kwa wokonza mawailesi wa pakhonde la sitolo, amene yakuda amaitsegula akutafuna chingamu. Yanu anaitembenuza, anaitembenuzanso, kufuna pomasulira. Anaibweza ndi manja awiri ngati mwana wa eni ake wodwala.

Alamu awiri aja akanakhala pansi mwina akanaipeza njira. Koma mkamwini anati sakhudza chidole, mwana wanga anati safunsa nzeru kwa woyendetsa lole.

Ndiye ndinaganiza ndekha. Ndinawetapo nkhuku. Yachilendo ukaigoneka m'khola limodzi ndi zinzake, kukacha zimakhala zazolowerana. Dzulo madzulo, eni ake atatuluka, ndinatenga yoyera ndi yakuda, zonse zili zoyaka, n'kuzigoneka pamodzi pasofa, kuzifunditsa bulangete langa lokhuthala lija. Ndinazilangizanso pang'ono, monga mkulu.

M'mawa uno ndinadzutsidwa ndi mfuwu. Zonse zinali zotentha ngati odwala malungo. Yakuda inkapuma wefuwefu, yanu inangoti zii, yodzikweza ngakhale pa matenda. Ndipo taonani, kwa nthawi yoyamba chaka chino alamu aja anagwirizana chimodzi: kuti bambo asadzakhudzenso kanthu kali ndi chingwe.

Zitazizira zinadzuka. Mwana wanga wamkazi, atatopa nawo, analamula kuti aziyang'anitse pafupi, yoyera iziyankhula, yakuda izimvetsera n'kujambula. Zinatheka! Makina a nzeru zonsezo, kuphunzira ndi khutu ngati ine wosapita kusukulu. Vuto n'lakuti yakuda inamva zonse za m'nyumba. Tsopano mayi a ana akamayamba nyimbo, pamwamba pawo pamamveka mkamwini akuti kwezani chidole chanucho alamu, mwana wanga akuti lole yanuyo ndi yogontha, kenaka galimoto yotola zinyalala. Pamene amati ndanama paja ndi pokhapo pakumveka bwino.

Choncho mawu abwinobwino aja apita Loweruka, mutawatsekera mosamala. Sindipempha kuti muwamasule, Bwana. Ndani ine woti n'kukuphunzitsani ntchito? Nawonso anzanu a akuda muwauze kuti sindinawaiwale, kalata yawo ndi yomweyi. Pempho langa n'laling'ono. Popeza ngakhale kundende kuli tsiku loonera akaidi, mundiuzeko lanu, ndi khomo loti ndikaime. Ndidzavala jekete, ndipo sindidzakhudza kanthu.

Ndine wanu wogwada, ngakhale mawondo akukana,

Nkhalamba ya pasofa,
mwamuna wa mkaidi wanu